Kangaude ndi Madzi a ku Dziwe la Nsangu

Padangokhala, kalekale mitengo isadalawe nkhwangwa, m'nkhalango ya Msolo mudali Kangaude amene ankaluka ukonde wogwirira mawu.

Adayamba ndi chingwe chimodzi chopyapyala, kuchokera pa mkuyu umene ankakhalamo kukafika pachitsime pomwe nyama zinkamwera madzi. Tsiku lina adaponda chingwecho ndi mwendo, namva chikunjenjemera. Atatchera khutu bwino, adazindikira kuti kunjenjemerako kudali kulankhula kwa Nguluwe ndi mkazi wake, akukangana pachitsimepo za amene adatsiriza mizu ya dzulo. Kangaude adaseka yekha, ndipo kuchokera tsiku limenelo sadapumenso. Adaluka chingwe china kupita kudambo, china kuphiri, china kuchulu, china pamphambano ya njira, mpaka nkhalango yonse idalowa mu ukonde wake. Iye adakhala pakati, miyendo yonse isanu ndi itatu ili pa zingwe. Dzuwa lituluke, Kangaude akumvetsera. Dzuwa lifike paliwombo, Kangaude akumvetsera. Mvula igwe, mphepo iwombe, Kangaude akumvetsera.

Ndipo ankaphunzira. Poyamba tidali tinthu tating'ono: kuti masuku amapsa mvula ikayandikira, kuti bowa womera pachitsa cha mwavi ndi imfa, kuti njuchi za m'phanga la kuphiri n'zaukali kuposa za m'mlambe. Chimene waphunzira lero chinkamuthandiza kumvetsa cha mawa. Koma Kangaude sankangomeza chilichonse. Adali ndi lamulo lake, ndipo ankalinena monyadira kwa aliyense.

"Mawu a pakamwa pamodzi ndi mphepo," ankatero. "Zingwe zitatu zikanena chimodzimodzi, ndimasunga. Zingwe khumi zikanena, sindikayikanso."

Akasunga chinthu chatsopano, ankaimba kanyimbo kake:

Chingwe chanena, chinzake chanena,
Ndamva, ndasunga, ine Kangaude.

Nyama zidayamba kubwera pansi pa mkuyu kudzafunsa. Wodwala m'mimba ankafunsa muzu woti atafune, ndipo ankachira. Wosowa mwana ankafunsa komwe kwamveka kulira, ndipo ankamupeza. Chaka china moto wolusa udabuka kuseri kwa phiri. Zingwe za kumeneko zidanjenjemera ndi mfuu ya mbewa zothawa, Kangaude adachenjeza onse utsi usadaoneke, ndipo palibe adapsa. Kuyambira pamenepo Njati, amene ankatsogolera nyama za m'nkhalangomo, sankagamula kanthu asadafike pamkuyu. Mawu akuti "a Kangaude anena" ankatseka mkangano uliwonse.

Kangaude adali ndi mutu waung'ono, ndipo zosunga zidachuluka. Choncho adazolowera kusunga mawu okha, n'kutaya pakamwa pomwe mawuwo achokera. Ankati dzina la wolankhula ndi katundu wolemetsa chabe.

Kenaka kudabwera chilala. Mvula idagwa kawiri basi, n'kuleka. Udzu udapsa uli chiimire. Chitsime chija chidatsika, chidatsika, mpaka padatsala matope onunkha amene ana ankayamwa. Nyama zidadziwa kuti zikakhala pamenepo, zitha. Kumadzulo kudali Mtsinje Waukulu umene suuma, koma udali ulendo wa masiku asanu ndi limodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti okalamba ndi makanda ena sakafikako. Kum'mawa kudali Dziwe la Nsangu, ulendo wa masiku atatu okha, koma palibe ankadziwa ngati mudakali madzi. Zingwe za Kangaude sizinkafika kumeneko.

Njati adabwera pamkuyu, maso ali ofiira ndi fumbi.

"A Kangaude, tilowere kuti?"

"Ndipatseni masiku awiri, a Njati. Ndimvetsere."

Adamvetsera. Zingwe zidadzaza ndi kubuula, kutsokomola, ndi ana olira ludzu. Za madzi, zii. Tsiku loyamba, dzuwa likupendeka, chingwe cha kudambo chidanjenjemera pang'ono. Adali mawu otsika, ofewa, ngati a munthu wong'ung'udza nyimbo: "Ku Nsangu kuli madzi, madzi ozizira, tikamwa mawa."

Kangaude adawamva, koma sadawasunge. Chidali chingwe chimodzi.

M'mawa mwake padafika Gologolo, mchira uli wothothoka ndi njala.

"Mwadzuka bwanji, a Kangaude? Palibe kanthu kokhudza madzi?"

"Palibe choti n'kugwira, achimwene. Dzulo wina adati ku Nsangu kuli madzi, koma ndi pakamwa pamodzi. Musapite nazo patali."

"Ayi, ine sindine wolongolola," adatero Gologolo, n'kulumphira mu mtengo wina.

Dzuwa lisadakwere kwenikweni, chingwe cha kuchulu chidanjenjemera. Zidali nkhanga zikuuzana: "Akuti ku Nsangu kuli madzi." Kangaude adaimika mwendo. Zingwe ziwiri. Pasadapite nthawi, cha pamphambano nacho: "Akuti ku Nsangu kuli madzi ofika m'mawondo." Zitatu. Pofika masana zidali zisanu ndi ziwiri, kenaka khumi, kenaka makumi awiri. Cha kuphiri chidati madziwo ndi ofika m'khosi mwa Njati. Cha kumiyala chidati m'mbali mwake muli msipu wobiriwira. Akuti, akuti, akuti. Nkhalango imene idakhala ikubuula mwezi wathunthu tsopano inkalankhula chinthu chimodzi, ndipo ukonde wonse unkagwedezeka ngati ukuvina. Kangaude adawerenga mpaka makumi anayi, misozi ya chimwemwe ikulengeza, naimba mokweza kuti onse amve:

Chingwe chanena, chinzake chanena,
Ndamva, ndasunga, ine Kangaude.

Nyama zidasonkhana pansi pa mkuyu. Kangaude adatsika ndi chingwe chake mpaka pamaso pa Njati.

"Tilowere kum'mawa. Ku Nsangu kuli madzi."

Pakati pa khamulo padali Insa, mayi wamasiye, amene mwamuna wake adafa chilala chitangoyamba. Adali ndi mwana mmodzi, dzina lake Siyeni, wa miyendo ngati timitengo. Insa adadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"A Kangaude, mwati chiyani? N'zoona zimenezi?"

"N'zoona, make Siyeni. Zingwe makumi anayi zanena."

Insa adatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma adangoyang'ana kumwamba, n'kunyambita mwana wake pamutu. "Wamva, mwanawe? A Kangaude anena."

Nthawi yomweyo panthambi youma padatera Nantchengwa, mbalame yofiirira ya mutu ngati nyundo, imene imakhala m'mbali mwa madziwe. Nyama zambiri zinkamuopa, zinkati ndi mbalame ya malodza, ndipo zitamuona zidasendera kumbuyo. Miyendo yake idali yokutidwa ndi matope ouma, otuwa.

"Zikomo, akuluakulu," adatero Nantchengwa ndi mawu osasa. "Ndamva m'njira kuti mukupita ku Nsangu. Ine ndachoka komweko dzana. Chisa changa cha zaka zisanu ndachisiya. Dziwe lauma. Achule afera m'ming'alu, pakamwa pali yasa."

Kangaude adayang'ana matope a kumapazi kwa mbalameyo, ndipo kwa kanthawi adafuna kunena kuti, dikirani, ndimvetserenso. Koma pamwamba pake ukonde unkagwedezekabe, ndipo maso onse adali pa iye, maso a nyama zimene zidangoyamba kumene kukhulupirira kuti zikhala ndi moyo.

"A Nantchengwa," adatero pang'onopang'ono, "inu ndinu pakamwa pamodzi. Ine ndili ndi makumi anayi."

"Pa makumi anayiwo, ndani ali ndi matope a ku Nsangu kumapazi?"

Kenaka nkhanga ina idati, "Akufuna akamwe yekha." Ina idati, "Sitidziwa kodi kuti n'ngwamalodza?" Phokoso lidakula, ndipo Njati adaponda pansi mwamphamvu.

"A Kangaude sadatinamizepo. Adatipulumutsa ku moto. Inu a Nantchengwa, pitani ndi mawu anuwo."

Nantchengwa adaweramitsa mutu, n'kuuluka.

Kutacha adanyamuka. Njati adapempha Kangaude kuti akwere panyanga pake, pakuti sikukadakhala bwino kusiya m'mbuyo mwini nzeru. Aka kadali koyamba kuti Kangaude achoke pa ukonde wake, ndipo atangotuluka m'nkhalango adadzimva ngati wagontha. Miyendo yake inkafufuza zingwe, n'kumangopeza nyanga yotentha. Adatsala ndi maso okha, maso amene sadawagwiritse ntchito zaka zambiri.

Adayenda, adayenda. Tsiku loyamba nyama zinkaimba. Tsiku lachiwiri nyimbo zidatha, padangotsala phokoso la ziboda pa nthaka youma. Mphalapala wina wokalamba adakhala pansi pamthunzi wa mwala, nati, "Pitirirani, ndikupezani," ndipo onse adadziwa kuti sawapeza.

Ali panyangapo, Kangaude adayamba kuona zinthu zimene sadazikonde. Mbalame zonse zimene zinkadutsa kumwamba zinkachokera kum'mawa kupita kumadzulo. Mapazi akale a mbidzi m'njiramo adaloza komwe iwo ankachokera. Adafuna kumuuza Njati, koma adadziwerengera yekha mumtima: makumi anayi, makumi anayi. Ndiponso madzi a m'mimba mwa nyamazo adali atatha kale. Kubwerera kudali kufa. Adakhala duu.

Siyeni ankayenda pambali pa Njati, pomwe padali kamthunzi. Ankagwa, mayi wake n'kumudzutsa ndi mphuno, ankagwanso, n'kumudzutsanso. Masana a tsiku lachiwirilo mwanayo adakweza maso.

"Agogo a Kangaude, madziwo ndi ozizira?"

Kangaude adati, "Ndi ozizira, mwana wanga."

"Ndikamwa mpaka mimba itupe. Amayi, mukandilola?"

"Ndikakulola," adatero Insa.

Tsiku lachitatu dzuwa lili paliwombo adaona mitengo ya nsangu patali. Amene adali ndi mphamvu adathamanga. Njati adathamanga nawo, Kangaude atagwiritsitsa nyanga. Adakwera kamtunda kotsiriza, n'kuima.

Padalibe madzi. Padali chigwa chotuwa, chong'aluka ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato. M'ming'alumo mudali achule ouma, pakamwa pali yasa. Pa nthambi ya nsangu wina padali chisa chachikulu chopanda mwini.

Palibe adalira mokweza, pakuti kulira kumafuna madzi. Nyama zidangotsikira m'chigwamo, zina n'kuyamba kukumba ndi ziboda, fumbi lokhalokha. Insa ndi mwana wake adafika pomalizira. Siyeni adaima pamtunda paja, adayang'ana uku, adayang'ana uko.

"Amayi, tafika?"

Mwanayo adapinda miyendo, adagona pansi, mutu pa ziboda za mayi wake. Dzuwa lisadapendeke adali atapita. Tsiku limenelo m'chigwamo mudafera ana asanu ndi anayi ndi okalamba osawerengeka.

Njati adagwedeza mutu, Kangaude n'kugwera pamwala. Nyama zidamuzungulira.

"A Kangaude," adatero Njati, mawu ali otsika kwambiri, "ndani adakuuzani kuti kuno kuli madzi?"

"Zingwe makumi anayi."

"Zingwe sizimwa madzi. Ndafunsa kuti ndani."

Kangaude adafufuza m'mutu mwake. Adapezamo mawu ambirimbiri, akuti, akuti, akuti, koma dzina ngakhale limodzi mudalibe. "Ndikukumbuka kuti kuchulu kudalankhula nkhanga," adatero.

Njati adatembenukira kwa nkhanga. "Inu mudaona madziwo?"

"Ife ayi. Tidamva kwa a Gologolo, ndipo tidauza a Mbawala ndi a Pusi."

"A Mbawala?"

"Ine ndidamva kwa nkhanga. Ndidangowonjezera za m'mawondo kuti ana anga alimbe mtima."

"A Pusi?"

"Inenso kwa nkhanga. Za msipu ndidaganiza kuti pali madzi sipalephera msipu."

"Nanga inu a Gologolo?"

Gologolo adabisa nkhope kumchira. "Ine ndidamva kwa a Kangaude omwewa. Ndidangouza nkhanga ziwiri, tili pamwamba pa mtengo wa mbawa. Ndidati a Kangaude amva kuti ku Nsangu kuli madzi."

Apa m'pamene Kangaude adaona chimene chidachitika. Mawu amene adawatulutsa yekha m'mawa uja adazungulira nkhalango, navala nthenga za nkhanga, ubweya wa pusi, ziboda za mbawala, n'kubwerera kwa iye ngati alendo makumi anayi. Iye adawalandira mmodzimmodzi, n'kuwawerenga, osazindikira kuti ndi ana a pakamwa pake.

"Koma padali woyamba," adatero Kangaude. "Sindidapeke ine. Chingwe cha kudambo chidanena, dzuwa likupendeka. Adali mawu ofewa. Sindikudziwa mwini wake."

"Ndine."

Onse adatembenuka. Adali Insa, ali chigonere pambali pa mtembo wa mwana wake. Sadadzuke, sadakweze mawu.

"Ndine ndidanena. Siyeni ankalira ludzu, ndipo ndidalibe chomupatsa. Ndidamuimbira kuti ku Nsangu kuli madzi ozizira, tikamwa mawa, kuti atonthole. Ku Nsangu sindidafikeko chibadwire. Mawa lake nditamva a Kangaude akunena zomwezo pamaso pa onse, ndidati Chauta wamva nyimbo yanga, n'kuisandutsa yoona. Ndidafuna kufunsa, koma ndidati ndine yani ine wotsutsa zingwe makumi anayi." Adayang'ana Kangaude nthawi yaitali. "Bodza langa lidali la mwana mmodzi, a Kangaude, loti agone. Inu ndi amene mudalipatsa miyendo."

Njati adakweza chiboda pamwamba pa mwala uja. Kangaude sadathawe. Adapinda miyendo, n'kudikira.

"Musiyeni, a Njati," adatero Insa. "Pafa ambiri lero. Ndiponso nonsenu mudali ndi pakamwa pofunsira."

Chiboda chidatsika pambali.

Adakali pomwepo, chithunzi cha mbalame chidadutsa pa nthaka. Adali Nantchengwa. Mtima sudamulole kupita kumadzulo yekha, ndipo masiku atatu onsewo adakhala akuuluka m'makwawa ouma, kufunafuna. Sadanene kuti ndidakuuzani. Adangotera pamaso pa Njati.

"Kummwera kuno, ulendo wa tsiku limodzi, kuli khwawa la mchenga. Pansi pa mwala waukulu mchengawo ndi wonyowa. Ndajompha ndi mlomo wanga, onani."

Adawaonetsa mlomo. Kunsonga kwake kudali mchenga wakuda, wonyowa. Njati adaununkhiza, ndipo sadafunse wina aliyense. Amene adatha kuima adaima, n'kutsatira mbalame ija. Atafika, Nguluwe ndi Njiri adakumba usinkhu wa mwendo, madzi n'kuyamba kutuluka, amatope, ofunda. Amene adatsala ndi moyo adapulumukira pamenepo mpaka mvula idagwa. Insa sadapite nawo. Adati sangasiye mwana wake kwa miimba, ndipo palibe adamuonanso.

Kangaude palibe adamunyamula. Adakwawa yekha, mwezi wathunthu, mpaka adafika pamkuyu wake. Ukonde udali pomwepo, zingwe zonse zili zolimba, zikunjenjemera ndi mphepo ya m'nkhalango yopanda nyama. Adakwera pakati, nayamba kudula. Adadula cha kuphiri, adadula cha kuchulu, adadula cha pamphambano. Cha kudambo adachigwira nthawi yaitali asadachidule.

Mvula itagwa, nyama zitabwerera, zina zidafikabe pamkuyu mwachizolowezi kudzafunsa za mizu ndi za njira. Zidapeza kaukonde kakang'ono pakati pa nthambi ziwiri, kosapitirira pomwe maso a mwini wake angafike. Zidapereka moni, zidafunsa, koma Kangaude sadalankhulenso. N'chifukwa chake mpaka lero kangaude amakhala chete pakati pa ukonde wake, ndipo chingwe chikangogwedezeka, sakhulupirira mwendo wake. Amathamanga yekha kukaona ndi maso chimene chachigwedeza.

Ana inu, masiku ano akangaude otere alipo ena, opangidwa ndi manja a anthu, makompyuta amene sapuma kuwerenga zolembedwa pa intaneti, ndipo inu mumawafunsa pafoni monga nyama zinkafunsira pamkuyu. Funsani ndithu, koma mukumbukire ichi: bodza likanenedwa ndi pakamwa makumi anayi silisanduka madzi, musanatsatire mawu, funsani amene ali ndi matope kumapazi.

Nthano yanga yakhala pansi pamenepa. Amene waitola aisunge.